Tsiku Lomwe Rowland Sanagogode Bwato

1. Odi wa panyanja

Aliyense wobadwira m'midzi ya kufupi ndi Malindi ankadziwa mwambo wa pa Mabango. Pamenepo panali dziwe lomwe mvuu zinkagona masana. Msodzi akamadutsa ankamenya nkhafi m'mbali mwa bwato lake: go, go, go. Mvuu zikamva zinkavuuka, n'kuyang'ana, n'kupatuka. Ameneyo ndiye anali odi wa panyanja, ndipo ngakhale mwana wamamina ankamudziwa.

Enid, mtsikana wa Sitandade 8, ankazindikira kugogoda kwa mlongo wake Rowland pakati pa asodzi onse. Ena ankagogoda mwaulesi, koma Rowland ankachita ngati akuimba ng'oma. Enid akamatsuka mbale padooko ankangomwetulira n'kunena kuti, "Achimwene awo."

Tsopano Rowland anali m'manda kuseri kwa tchalitchi. Mvuu inatembenuza bwato lake m'mwezi wa Novembala, ndipo anthu anakamupeza m'mabango dzuwa lili paliwombo.

Koma kugogoda kuja sikunathe ayi. Enid ankakumva ali m'kalasi, aphunzitsi ali pakati pa masamu. Ankakumva posinja, ankakumvanso potunga madzi. Akafunsa anzake kuti, "Mwamva?" iwo ankangomuyang'ana modabwa. Kenaka anasiya kufunsa, kuopa kutchedwa wamisala.

Chomwe chinkamudya mumtima ndi ichi. M'mawa wa tsiku la ngoziyo, iye ndi amene anamusenzera Rowland ukonde mpaka kudooko. Unali ukonde wa maso ang'onoang'ono, woletsedwa, ndipo unali mwezi womwe boma limatseka nyanja kuti chambo chiswane. Alonda a za nsomba anali atagona m'mudzi woyandikana nawo.

"Chemwali, tandibwereka chitenje chakocho," anatero Rowland.

Anachikulunga pamtengo wa nkhafi n'kumanga zolimba, kuti isagunde bwato ngakhale mwangozi.

"Lero sitigogoda. Alonda aja makutu awo ndi aatali."

"Nanga mvuu, achimwene?"

"Aaa, mvuu zimandidziwa ine."

Anaseka, n'kukankhira bwato m'madzi. Enid anaima padooko kudikira go, go, go, koma kunangoti zii. Mawa lake nkhafi inabwera yokha ndi mafunde. Enid ndiye anayamba kuiona. Anamasula chitenje chija, n'kukachibisa pansi pa mphasa yake.

2. Mawu ochepa chabe

Loweruka lina kunyumba kunafika a Jaffalie, tcheyamani wa chipani m'mudzimo. Anali munthu wamtali, wolankhula motsitsa, baji ili pachifuwa ngakhale popita kudimba. Masiku amenewo chipani chinali chimodzi basi, ndipo tcheyamani akafika pakhomo ngakhale nkhuku zinkayenda mwaulemu.

A Maud, mayi ake a Enid, anawatulutsira mpando, iwo n'kukhala pansi chapatali.

"Pepani ndi zovuta zija, mayi," anayamba a Jaffalie. "Lachitatu kukubwera bwana wa gemu, woyang'anira nyama zakutchire, kuchokera ku boma. Tikufuna timuuze kuti lamulo loteteza mvuuli alifewetse. Panopa mvuu ikakudyera mpunga, uyende mpaka ku Mangochi kukadandaula, a gemu adzabwere mpunga utatha. Ukaibaya wekha, ndende. Ndi chilungamo chimenecho? Ife tikufuna chilolezo choti mudzi uzipha wokha mvuu zovuta."

A Maud anangogwedeza mutu.

"Koma bwanayo akafunsa chinthu chimodzi. Akafunsa ngati malemu anagogoda. Mvuu ikayamba kupha munthu wogogoda, ndiye kuti yasanduka chilombo, palibe angaiikire kumbuyo." Apa a Jaffalie anatembenukira kwa Enid, n'kumuitana m'Chiyao chawo. "Mwanache, akuti iwe unali padooko m'mawa umene uja. Ukaimirire, ukanene kuti unamva mlongo wako akugogoda. Mawu ochepa chabe."

Za mkamwini wawo wogulitsa zikoti za chikopa cha mvuu kumsika wa ku boma sanatchuleko. Za mano a mvuu omwe alendo a ku hotela ya Nkopola ankawafuna, sanatchulenso. Anaiwala kapena, nanga munthu wamkulu amakumbukira zonse?

Atapita, Enid anagwada pafupi ndi mayi ake.

"Amayi, achimwene aja..."

"Khala chete," anatero a Maud. "Chitenje chija ndinachiona kalekale. Ndinachichapa ndine, n'kuchibwezera pomwe unachibisa."

Enid anagwetsa nkhope, ndipo a Maud anapitiriza.

"Tamvera, mwana wanga, ndikutsine khutu. Mlongo wako tinamuika mwaulemu. Ansembe anaima pamanda n'kunena kuti anali mnyamata wokhulupirika, wosamala mayi ake. Ukatsegula pakamwa pakopo, mawa adzakhala wakuba nsomba, wofa ndi uchitsiru wake. Amayi anzanga azidzandiloza ndi milomo kuchigayo. Wakufa sadziteteza, Enid. Omuteteza ndi ife otsalafe.

"Chinanso, waiwala a Dinala, aja ankakonza njinga? Anangofunsa funso limodzi pamsonkhano wa chipani. Galimoto inabwera, anakwera, mpaka lero. Mkazi wawo akaphika amagawabe mbale ziwiri. Masiku ano ngakhale bango limamva, mwana wanga. Mvuu si mbale wako. Ndataya mwana mmodzi kumadzi, sindikufuna kutayanso wina kumtunda."

Anapukuta misozi ndi nsonga ya mpango wawo, n'kulowa m'nyumba. Enid anatsala yekha pakhonde. Kuchokera kunyanja, kapena m'mutu mwake momwemo, kunamveka go, go, go.

3. Pamtengo wa atsibweni

Lolemba poweruka kusukulu, Enid sanapite kunyumba. Anadzera kwa atsibweni ake, a Marko, mlongo wawo wa a Maud. A Marko anali wosema mabwato, munthu waukali, wokangana ngakhale ndi mtengo womwe akusema. Anawapeza akukumba m'kati mwa chipika chachikulu ndi kasemasema.

"Wabwera kudzandifunsa za Lachitatu," anatero osadzutsa mutu. "Usavutike kundibisira. Bwato la mlongo wako lija ndinasema ndine. Likagogodedwa linkamveka mpaka kutchalitchi. M'mawa umene uja ndinali pompano, ndipo sindinamve kanthu. Ukuganiza kuti ndine ndekha? Theka la mudzi linali kugombe. Tonse tinamva kuti kwangoti zii, koma palibe akunena."

"Ndiye nditani, atsibweni?"

A Marko anaika kasemasema pansi.

"Iwe unayamba waiona nsomba yotchedwa nchila?"

"Ayi."

"Eya, ungaione kuti? Ine ndili mnyamata nchila inkadzaza bwato mpaka tinkaponyera agalu. Akuluakulu anatiuza kuti, musatseke mtsinje wonse pamene nchila ikukwera kukaswana. Ife tinati, aaa, nsomba ingathe m'nyanja yonseyi? Tinatseka. Lero padooko pathu pano latsala ndi dzina lokha. Madzi akatayika saoleka, mdzukulu... ayi, mphwanga, ndakalamba ine, ndayamba kusokoneza.

"Mvuu za pa Mabango zinali zosawerengeka. Lero zala za manja ako zikwanira. Akuti azipha zovuta zokha. Ha! Kodi mvuu yovuta ili ndi chizindikiro pamphumi? Kwa munthu wankhuli mvuu iliyonse ndi yovuta. Lamulo lili ngati mpanda wa dimba. Ukazula mtengo umodzi kuti udutse wekha, mbuzi nazonso zidutsa pomwepo. Mvula isanagwe kawiri padziwe paja sipadzatsala kanthu.

"Ndipo zikatha, asodzi omwewa ndiwo adzalire. Mvuu ndizo zimatsegula njira m'mabango, momwe ana a chambo amabisala. Ndowe zake ndizo zimanenepetsa madzi. Zimenezi sindinawerenge, ndinaona ku dziwe la kumtunda kuja, komwe anazitha kale. Pita ukaponye mbedza kumeneko, ubwerako ndi achule.

"Kuti mpunga ukudyedwa sindikukana. Wanganso unadyedwa, ndinatukwana tsiku lonse. Koma makolo athu ankakumba ngalande kuzungulira dimba, poti mvuu miyendo yake ndi yaifupi, sidumpha. Vuto n'lakuti khasu limalemera kuposa mkondo."

Enid anawayang'ana ndi chiyembekezo.

"Ndiye mukanene zomwezi Lachitatu, atsibweni. Inu anthu akakumverani."

Abale inu! Munthu wamkulu uja, waukali uja, anatola kasemasema n'kuyamba kufufuza pomwe analekera ngati pasowa.

"Ine ndili ndi adzukulu, mphwanga. Khadi la chipani chaka chino ndinagula mochedwa, a Jaffalie akudziwa. Pakamwa panga pamalimba pansi pa mtengo uno pokha."

Enid anatsanzika. Ali m'njira anakwiya, kenaka anawamvera chisoni, kenaka anakwiyanso.

4. Pansi pa mango

Lachitatu m'mawa anthu anadzaza pabwalo la sukulu, pansi pa mitengo ya mango. Polowera panaima ayufi, anyamata a chipani a malaya ofiira, kuona makhadi. Ana a sukulu anawatulutsa m'makalasi kuti akhale kutsogolo.

Enid anafika atavala yunifomu, koma pamwamba pake anali atamanga chitenje. A Maud atachiona anagwira pachifuwa. Chinali chitenje chija.

"Kwacha!" anafuula a Jaffalie.

"Kwacha!" anayankha anthu.

Bwana wa gemu anali munthu wochepa thupi, wovala khaki, maso ofiira ndi fumbi la mumsewu. Anati lamulo sanalemba ndi iye, koma zomwe akanene ku boma zikamveka. Kenaka anapempha kuti anthu alankhule.

Oyamba kuimirira anali a Mwanabibi, mayi wamasiye wa kumalire a mudzi.

"Bwana, ine ndilibe mwamuna, ndilibe bwato. Ndili ndi dimba limodzi la mpunga. Ndinalima ndi manja awa, ndinaokera, ndinaingitsa mbalame mpaka mawu anatha. Mvuu inabwera n'kumeta dimba lonse ngati lumo. Ana anga akudya mango osapsa. Mvuuyo ili ndi lamulo loiteteza. Nanga ine langa lili kuti?"

Amayi anang'ung'udza movomereza. Panalibe bodza m'mawu amenewo, ndipo Enid anamva manyazi.

Msodzi wina wachinyamata, dzina lake Uladi, anakweza dzanja mwamantha.

"Ine ndimati, tikapatsidwa chilolezocho, adzatiletsa ndani tikayamba kupha ndi zosalakwa zomwe? Bwanji tipemphe mlonda wa gemu azikhala konkuno nyengo ya mpunga?"

"Mlondayo azidya kwanu?" wina anakuwa kumbuyo. Anthu anaseka. Mmodzi wa ayufi anamuyang'anitsitsa Uladi, ndipo Uladi anakhala pansi msanga n'kuyamba kukanda bondo.

A Marko analipo, chipewa chili pamaso. Sanatsokomole n'komwe.

Kenaka a Jaffalie anaimirira.

"Bwana, za mpunga mwamva. Koma ife sitikulira mpunga wokha. Tikulira mwana wathu Rowland, msodzi wodziwa mwambo, yemwe anaphedwa wosalakwa. Mlongo wake ali pano."

Bwana wa gemu anayang'ana Enid.

"Mtsikana, usaope. Ngati mvuu za kuno zayamba kuthamangitsa anthu ogogoda, ndikanena ku boma kuti mudzi upatsidwe chilolezo, ndipo ndikhulupirira kuti akavomera. Unali padooko. Kodi mlongo wako anagogoda?"

Enid anaimirira. Anayang'ana mayi ake, iwo n'kumupukusira mutu pang'ono, maso odzaza ndi kupempha. Ndipo pomwepo, pakati pa khamu lonselo, kunamveka go, go, go, mokweza kuposa masiku onse. Palibe anatembenuka.

"Achimwene sanagogode," anatero Enid.



"Kweza mawu," anatero bwana uja.

"Sanagogode! Anatenga ukonde woletsedwa, ndiye ankaopa alonda a za nsomba. Anakulunga nkhafi ndi chitenje ichi kuti isamveke. Ndinawapatsa ndine. Mvuu ija sinamve odi, ndipo akuti inali ndi mwana." Apa anayang'ana bwana uja. "Za mpunga wa a Mwanabibi n'zoona, muwathandize. Koma achimwene anga musawanamizire. Ankandikonda, sanali munthu woipa. Anangolakwa tsiku limodzi."

Asodzi onse omwe anali kugombe m'mawa uja anagwetsa nkhope. Wina ankajambula pansi ndi chala chakuphazi. Palibe anati mwanayu akunama.

A Maud anaimirira pang'onopang'ono, n'kufunda mpango kumutu ngati tsiku la maliro. Anadutsa pakati pa anthu osayang'ana mwana wawo.

Bwana wa gemu anapukuta thukuta.

"Ngati zili choncho, lamulo likhala momwe lilili. Za mlonda wa nyengo ya mpunga ndikapempha, koma sindikulonjeza."

A Mwanabibi analavula pansi. "Ndiye ana anga adye lamulolo," anatero, n'kunyamuka.

A Jaffalie sanakalipe. Akanakalipa bwenzi zili bwino. Anayandikira Enid akumwetulira, n'kulankhula motsitsa monga mwa masiku onse.

"Sikomo, mwanache. Sukulu ikukuphunzitsa bwino."

5. Amayi amva

Tsiku lonselo a Maud sanamulankhule Enid. Anapita kumanda, anakazula udzu pamtumbira wa Rowland, anabwerako, n'kukhala kuseri kwa nyumba. Enid atawapatsa madzi akumwa analandira osamuyang'ana. Zimenezo zinamupweteka kuposa chikoti.

Chitenje chija anachipinda n'kuchiika pampando, poyera. Panalibenso chifukwa chochibisira.

Koma anazindikira chinthu china. Anasinja chimanga, osamva kanthu. Anakatunga madzi, anaima dala padooko n'kutchera khutu. Kunamveka mafunde, ana osewera, ndi mvuu ina ikufwenthera kutali ku Mabango. Kugogoda kuja kunalibe. Analira pomwepo, ndowa ili pamutu, ndipo sanadziwe ngati akulira chifukwa chopepukidwa kapena chifukwa mlongo wake tsopano wapitadi.

Ana inu owerenga, musanamizidwe kuti wonena zoona amamuimbira nthungululu. Nthawi zambiri amabwerera kwawo yekha, anthu akumupatukira m'njira.

M'mawa mwake Enid anali m'nyumba akumanga mabuku ake, a Maud akutsanulira tiyi m'kapu.

Go, go, go.

Mtima wa Enid unagwa. Kwabwereranso! Koma atacheuka anaona tiyi akusefukira patebulo, mayi ake atauma ngati chitsa.

"Amayi, mwamva?"

"Ndamva," anatero a Maud.

Sikunali kunyanja. Kunali pachitseko.

A Maud anatsegula. Panja panaima anyamata awiri a malaya ofiira. Mmodzi anali mnzake wa Rowland, yemwe ananyamula nawo bokosi tsiku la maliro, ndipo maso ake anali pansi.

"Enid atenge khadi lake," anatero winayo. "A tcheyamani akumufuna. Kwabwera alendo ochokera ku boma."

"Akupita kusukulu," anatero a Maud.

"Lero sapita."

A Maud anamuyang'ana mwana wawo, koyamba chichokereni pansi pa mango paja. Anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anatenga chitenje chija pampando, anachikutumula, n'kuchimanga m'chiuno mwawo zolimba.

"Tiyeni," anatero. "Wina uja ndinamulola kupita yekha. Uyu sayenda yekha."